Bilstein B6 pa Golf 5 GTI: mashoko amene ndinasankha m'malo moitsitsa galimoto

Golf 5 GTI iliyonse imene mukuiona pamsewu lero yapitirira zaka 15. Ngati mwini wake sanasinthepo mashoko, dziwani kuti mashokowo anatha kalekale, kaya akudontha oyilo kaya ayi. Yanga ndinaigula ku Joni itayendapo kale, ndipo zizindikiro zake sizinali zobisika. Ikatsika pahampu mphuno inkagwedera kangapo isanakhazikike, ndipo pamsewu wa mafundemafunde liwiro likakwera kumbuyo kunkakhala ngati kwachoka pansi. Anzanga okonda magalimoto othamanga anali ndi yankho limodzi lokha: gulani ma coilover, mashoko otha kukweza kapena kutsitsa galimoto, muitsitse, ikhale pansi. Ine ndinagula Bilstein B6 anayi n'kusiya masipuling'i omwewo a kufakitale. Ndayenda nawo dzinja ndi chilimwe chomwe, ndiye ndili ndi zoti ndinene.

Ndiyambe ndi manambala a Bilstein, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa ndipo wogulitsa wina sangakuwongolereni. B4 ndi shoko yakuda, yongolowa m'malo mwa ya kufakitale, galimoto ikhale monga inalili ili yatsopano. B6 ndi yachikasu, yolimbirapo, koma kutalika kwake n'kofanana ndi kwa ya kufakitale, choncho imayenda ndi masipuling'i anu akale. B8 nayonso ndi yachikasu, kungoti ndi yofupikitsidwa, anaipangira masipuling'i otsitsa galimoto. B12 ndi phukusi la mashoko a B6 kapena B8 pamodzi ndi masipuling'i a Eibach. B14 ndi B16 ndiwo ma coilover, oti mumakweza kapena kutsitsa galimoto potembenuza mphete zake, ndipo B16 mumathanso kuilimbitsa kapena kuifewetsa. Mukaika B8 pa masipuling'i aatali a Golf wamba mwalakwitsa. Mukaika shoko ya kufakitale yotopa pa masipuling'i otsitsa mwalakwitsa koposa, chifukwa idzafa msanga ndipo galimoto izingodumphadumpha.

Nkhani yotsitsa galimoto ndiyo ndikufuna ndichedwepo, pakuti ndi imene yawonongetsa ndalama za anthu ambiri amene ndikuwadziwa.

GTI imachoka kufakitale ili kale mamilimita 15 pansi poyerekeza ndi Golf wamba. Masipuling'i otsitsa, ngakhale ofatsa, amachotsaponso mamilimita 20 kapena 30. Papepala zimenezi zikuoneka zochepa, kachala kamodzi. Koma mamilimita amenewo sachoka pa mpata wa pakati pa bampala ndi nthaka pokha. Amachokanso pa mtunda umene tayala limayenda kukwera m'mwamba lisanafike pothera pake. Munthu akamadumpha kuchokera pa lole amapinda mawondo kuti thupi lisamve kugunda. Galimoto yotsitsidwa kwambiri ili ngati munthu amene wadumpha atanjuta kale, mawondo alibenso kopindikira, ndiye kugunda konse kumapita kumsana. Tayala likagwera m'dzenje pa liwiro, mphamvu imene sipuling'i ndi shoko zikanaimeza imapita ku limu, ku ma mounting a pamwamba, ku ma ball joint, mpaka ku thupi la galimoto. Pabwalo la mpikisano phula ndi losalala, kutsitsa kumathandiza chifukwa kulemera kwa galimoto kumakhala kufupi ndi nthaka. Pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre nkhani ndi ina. Muli zigamba za phula zotukuka, m'mbali mwa msewu modyeka, maenje amene amabadwa mvula ikangoyamba, ndi mahampu pafupifupi pamsika uliwonse. Tayala limene silikutha kutsatira nthaka silikugwira msewu, ngakhale galimotoyo ikuoneka yokongola bwanji itaima.

Mnzanga wina ali ndi GTI ngati yanga yomweyi. Anaitanitsa ma coilover otchipa, a dzina limene sitinalimvepo, n'kuitsitsa mpaka matayala kubisala m'mapiko. Pahampu amadutsa chammbali, tayala limodzilimodzi, magalimoto atandanda kumbuyo kwake. Sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injiniyi, ndi ya aluminiyamu, siipindika ngati yachitsulo koma imang'aluka, ndipo yake inang'aluka pa mwala umene yanga ikanaudutsa pamwamba. Dzinja litatha, ulusi wa ma coilover aja unali utagwira dzimbiri ndi matope, mphete zosatembenukanso, moti atafuna kuikweza zinakanika. Chimene chinandikhudza kwambiri nditaiyendetsa ndi chakuti pa kona ya mabampu inkadumphira kunja m'malo mogwira. Galimoto yolimba ndi galimoto yogwira msewu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo achinyamata ambiri akuzisokoneza.

Tsono B6 ili ndi chiyani mkati chimene shoko wamba ilibe? Shoko zambiri za kufakitale zili ndi mapaipi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo oyilo amadutsa uku ndi uko. Zikagwira ntchito nthawi yaitali pamsewu woipa zimatentha, oyilo amasakanikirana ndi mpweya n'kuchita thovu, shoko n'kufooka. N'chifukwa chake galimoto imene inanyamuka bwinobwino ku Lilongwe imayamba kuyandama pofika ku Ntcheu. B6 ili ndi paipi imodzi. Oyilo ali mbali ina, gasi wa nayitirojeni wopanikizidwa kwambiri ali mbali ina, ndipo pakati pawo pali kapisitoni koyenda kokha kowalekanitsa. Gasiyo amapanikiza oyilo nthawi zonse, thovu silipeza mpata, ndipo popeza paipi ndi imodzi kutentha kumatuluka msanga. Pisitoni yaikulu nayo imakhala yotakata, choncho imamva ngakhale tayala litangosuntha pang'ono. Kampani ya Bilstein ili ku Ennepetal m'dziko la Germany. Inayamba mu 1873 ikupanga zitsulo za mawindo, ndipo mashoko a mtundu umenewu inayamba kuwaika m'magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Amene munayendetsapo Subaru Legacy GT-B yochokera ku Japan munawalawapo kale, pakuti B ameneyo akuimira Bilstein.

Ma B6 akutsogolo a Golf 5 ndi otembenuzidwa. Chitsulo chonenepa chonyezimira chimene mumachiona pansi pa labala wabuluu si ndodo ya pisitoni ayi, ndi thupi lenileni la shoko, ndodoyo ili pansi mkati. Anachita dala kuti shoko isamapindike galimoto ikamakhota kapena ikamagwira buleki mwamphamvu, chifukwa kutsogolo shoko ndi imenenso imagwiriziza tayala kuti liime chilili. Bump stop yake, kalabala koletsa shoko kugunda pothera pake, ili mkati momwemo. Muwauze amakaniko anu asabwezeretse yakale ija pamwamba, ena amaiumiriza poganiza kuti mwaiwala kugula.

Pogula pali msampha umodzi waukulu. Golf 5 inatuluka ndi mashoko akutsogolo a miyeso iwiri, ena onenepa mamilimita 50, ena 55. GTI imagwiritsa ntchito a 55. Koma galimoto yogula kwa munthu simudziwa zimene inakumana nazo, mwina inachitapo ngozi n'kuikidwa ziwalo za Golf ina, choncho vulani tayala muyeze nokha musanatumize ndalama. Wogulitsa mum'patse nambala ya chasisi, ndiponso mum'jambulire kapepala kamene kamamatidwa m'buti pafupi ndi tayala lapadera, kamene kali ndi makodi a zonse zimene galimotoyo inatuluka nazo. Amene muli ndi Golf 6 kapena 7 muonenso ngati ili ndi DCC, mashoko olamulidwa ndi kompyuta. Ngati ilipo, shoko wamba idzakuyatsirani nyali pa dashibodi, mufunika mtundu wake womwewo wa mawaya.

Ine ndinagula kwa wogulitsa wovomerezeka ku Johannesburg, ndipo achimwene anga amene amakhala kumeneko ananditumizira pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza. Kuwonjezera msonkho wa MRA ndi mtengo wonyamulira, komanso momwe ndalama zakunja zikuvutira kupeza, ndinalipira kuposa kawiri zimene ndikanalipira pa mashoko wamba a m'sitolo za m'tauni. Si ndalama zochepa, ndipo sindinganene kuti aliyense azitulutse. Koma ndikuchenjezeni za mashoko opakidwa penti yachikasu amene amapezeka motchipa modabwitsa. Penti aliyense angapake. Yeniyeni imakhala ndi nambala yake pathupi yogwirizana ndi ya pa katoni, ndipo mukaikanikiza ndi manja imalimba kwambiri n'kubwerera yokha mosadukiza.

Musagule mashoko okha. Pamene zonse zamasulidwa kale, sinthaniretu ma mounting a pamwamba ndi ma bearing ake, timikono ta sitabilaiza (chitsulo chochepetsa kutsamira kwa galimoto pa kona), ndi mabauti. Volkswagen imanena kuti mabauti angapo a pamenepa ndi omanga kamodzi kokha, chifukwa amatamuka pomangidwa. Ine ndinagula ma mounting a Lemförder. Ndinapezanso kuti mabushi akumbuyo a mikono yapansi yakutsogolo anali atang'ambika, monga amachitira pa Golf 5 zambiri, ndipo shoko yatsopano pa bushi yong'ambika ndi kutaya ndalama, chiwongolero chidzakhalabe cholobodoka.

Amene anandiikira ndi bambo wina wachikulire wa galaja yaing'ono ku Lilongwe, amene wakhala akukonza magalimoto a ku Germany kwa nthawi yaitali. Ndinakhala nawo tsiku lonse ndipo ndinakondwa ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Shoko yakutsogolo imalowa m'chibowo chokhala ndi mng'alu chimene chimaifinya, ndipo pali kachida kake kotsegulira mng'aluwo pang'ono. Ambiri amangokhomerapo tchizulo ndi hamala. Iwo anali nako kachidako, pamodzi ndi zomasulira za mano 12 zimene mabauti a Volkswagen amafuna. Nati ya pamwamba pa shoko anaimanga ndi manja, osati ndi mfuti ya mpweya, chifukwa mfutiyo imazunguza ndodo n'kuwononga za mkati. Masipuling'i anawafinya ndi chofinyira chenicheni. Ndinaonapo kwina anthu akumanga sipuling'i ndi waya kapena zingwe, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse, musalole zimenezo pa galimoto yanu kapena pafupi ndi inu, sipuling'i ikapulumuka imapha munthu. Chinanso chimene anachita, mabauti onse odutsa m'mabushi a labala anawamaliza kumanga galimoto itatsika pa jeke, italemera pa matayala ake. Mukamanga ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo sachedwa kung'ambika.

Tsiku lomwelo ndinaona kuti galimoto yakwera pang'ono. Anandiuza kuti ndisadandaule, ndi mphamvu ya gasi uja pamodzi ndi ma mounting atsopano, ikhazikika ikayendayenda. Inakhazikikadi, ngakhale inatsala yokwererapo pang'ono kuposa kale, zimene kwa ine ndi phindu. Kenako ndinakachititsa alayimenti ya matayala onse anayi. Apa musanyengerere. Kumbuyo kwa Golf 5 kuli mikono ingapo mbali iliyonse ndipo kumasinthika, ndiye malo amene amangoyeza kutsogolo kokha sakukwanirani.

Nanga pamsewu?

Ndinapita nayo ku Khwekhwerere, msewu wotsika phiri kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti, umene makona ake amatsatizana osakupatsa mpata wopuma. Sindinafunike kuthamanga kuti ndimve kusintha, ndiponso msewu umenewu uli ndi anthu oyenda pansi, njinga ndi mbuzi, si malo oyeserapo mpikisano. Chimene ndinamva n'chakuti ukapotoza chiwongolero galimoto imatsamira kamodzi n'kukhazikika pomwepo. Kale inkatsamira, kubwerera, kutsamiranso, ndipo manja ankangokhalira kukonza. Pochoka kona ya kumanja kulowa ya kumanzere kulemera kumasamuka mwadongosolo. Ukagwira buleki potsetsereka mphuno imatsika pang'onopang'ono m'malo mogwa. Potuluka m'kona yothina ukaponda mafuta, tayala lamkati silifulumira kuzungulira pachabe ngati kale. Injini ya 2.0 TFSI imatulutsa mphamvu ya 147 kW, yonseyo kudzera m'matayala akutsogolo okha, choncho chilichonse chothandiza matayalawo kukhala pansi umachimva nthawi yomweyo.

Koma kumene ndinawakondera kwenikweni ndi paulendo wautali. Pali zigawo za M1 zimene phula linachita mafunde chifukwa cha malole olemera. Kale ndikafika pamenepo galimoto inkakwera ndi kutsika mpaka okwera kumbuyo kudandaula chizungulire. Tsopano imakwera funde, kutsika, basi yatha. Pofika ku Zalewa imakhala ikuchita chimodzimodzi monga inachitira ku Dedza, kutentha sikuifooketsa. Ukafika ku Blantyre mapewa sakhala otopa chifukwa sunali kulimbana ndi chiwongolero. Usiku nyali zimaloza pamodzimodzi osagwedezeka, ndipo kwa ife amene timakumana ndi njinga zopanda nyali m'mbali mwa msewu chimenechi si chaching'ono.

Pali mtengo wina umene umalipira, ndipo ndiunene poyera. B6 ndi yolimba, anaipanga choncho. Pa liwiro lochepa m'tauni, pa timaenje tating'onoting'ono, pa mizere yogunda ija imene amaika hampu isanafike, kapena pamsewu wafumbi wa malata, umamva chilichonse. Amayi akunyumba anazindikira tsiku loyamba lomwe ndisanawauze kuti ndasintha kanthu. Liwiro likakwera kulimbako kumasungunuka, galimoto n'kuyamba kuyenda mosalala, koma ngati moyo wanu wonse ndi wa m'misewu ya m'makwalala ya ku Area 25 kapena ku Chirimba, ndipo chimene mukufuna ndi kufewa, gulani B4 kapena Sachs musunge ndalama zanu. Palibe chamanyazi pamenepo. GTI ya mashoko atsopano a mtundu wa kufakitale ndi galimoto yabwino kwambiri, ambiri sanailawepo chifukwa anaigula itatopa kale.

Chimene chinandithandiza kuchepetsa kulimbako ndi matayala. Ndinakhalabe pa malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 225/45. GTI zina zinabwera ndi malimu a 18 ndi matayala a 225/40, ndipo ena amafika mpaka pa 19. Khoma la tayala ndilo limayamba kumeza kugunda shoko isanamve n'komwe. Mukalichepetsa, n'kuwonjezerapo shoko yolimba, mudzakhala mlendo wa sabata ndi sabata kwa owongola malimu. Mpweyanso muziika umene walembedwa pa galimoto, osati umene mnyamata wa pafilingi siteshoni waganiza. Ndipo ngati matayala anu ndi akaunjika osadziwika zaka zake, yambani mwagula matayala, mashoko abwere pambuyo.

Ndinaganizirapo zina ndisanasankhe. Koni Sport ya ku Netherlands, nayonso yachikasu, ili ndi mapaipi awiri koma mumatha kusintha kulimba kwake pobwerera, ndipo amene akufuna kufewetsako pang'ono m'tauni angaikonde. KW ya ku Germany imapanga ma coilover a chitsulo chosagwira dzimbiri, ndipo kwa munthu amene watsimikiza mtima kuti akufuna ma coilover, amenewa kapena B14 ndi amene ndingamuuze kuti asungire ndalama. BC Racing ya ku Taiwan ndi Tein ya ku Japan ndi zotchuka pakati pa eni ma Subaru ndi ma Nissan. Koma ma coilover abwino amafuna munthu wodziwa kuwatchera, makamaka ndi masikelo oyeza kulemera kwa tayala lililonse, ndipo amafuna kutsukidwa ulusi kawirikawiri. Kwa amene amakhala ku Gauteng n'kumapita ku mabwalo a mpikisano a Zwartkops kapena Kyalami pa masiku otsegulira anthu wamba, zonsezi zili ndi phindu. Ine galimoto yanga imapita kuntchito, kumudzi ndi kunyanja.

Za sitabilaiza ndinene mwachidule, poti ambiri amafunsa. Galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo imakonda kupitirira kutsogolo ukaikakamiza pa kona. Sitabilaiza yonenepa kumbuyo, monga za H&R, Eibach kapena Whiteline, imachepetsa khalidwe limeneli popanda kutsitsa galimoto. Koma kulimba kwa chitsulochi kumakwera msanga kuposa kunenepa kwake. Kuchoka pa mamilimita 20 kufika pa 22, ngati zonse ndi zopanda bowo mkati, kulimba kumawonjezeka ndi pafupifupi theka. Mukapyola muyeso, tsiku la mvula mutachotsa phazi pa mafuta pakati pa kona kumbuyo kudzakupitirirani. Ine sindinaisinthe. Nditaika B6 ndinapeza kuti kutsamira kumene kunkandivuta kunali kwa mashoko akufa. Mabushi a polyurethane, olimba kuposa a labala, monga a Powerflex ndi SuperPro, ndinaika pamalo amodzi okha, kumbuyo kwa mikono yakutsogolo kuja, ndipo chiwongolero chinayamba kumva msanga. Kuika galimoto yonse kumabweretsa phokoso ndi kunjenjemera, ndiponso fumbi lathu likalowa girisi atauma amayamba kulira.

Kwa mwini GTI amene amayenda maulendo ataliatali ndipo amakonda kumva galimoto ikumumvera pa kona, B6 pa masipuling'i a kufakitale ndi chinthu chimene ndingam'limbikitse popanda kukayika. Ngati masipuling'i anu anafooka kapena ina inathyoka kunsonga, zimene zimachitika pa magalimoto a msinkhu uwu, gulani atsopano a muyeso wa kufakitale, mitundu ya timadontho ta penti tili pa sipuling'i yakaleyo ndi imene ikuuzeni oyenera. Ndalama zikachepa sinthani awiri akutsogolo limodzi kapena awiri akumbuyo limodzi, osati imodzi yokha, ndipo enawo asachedwe kutsatira chifukwa B6 kutsogolo ndi shoko yakufa kumbuyo zimapangitsa galimoto kuvuta kuilosera. Mukamaliza, bwererani kwa amakaniko pakatha masabata angapo akaonenso mabauti onse, ndipo mvula ikatha muzikweza labala wabuluu uja n'kuona ngati sanang'ambike, pakuti mchenga ukalowa pamenepo umakanda chitsulo chonyezimira chija.